Khoma lathu lanyowa chifukwa cha denga la aneba, tiyambire pati?

Lachiwiri madzulo

Mai a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Nyumba yathu kuno ku Ulongwe ndi ija yolumikizana, mabanja awiri koma khoma lapakati limodzi. Mbali yathu tidasintha malata chaka chatha. Mbali inayo malata ndi akalekale, adzimbiri, ndipo akudontha pamwamba penipeni pa khoma logawanalo. Chiyambire mvula mu Disembala khoma la kuchipinda kwa ana lada bii kuchokera kumwamba, penti akufufuma n'kumasupuka, ndipo kuseri kwa kabati kwamera nkhungu. Zovala zikununkha chinyezi ngakhale uzichape lero. Eni nyumbayo amakhala ku Moatize, mukukhala aphunzitsi ochita lendi. Aphunzitsiwo akuti iwonso akutchera mabeseni usiku, koma eni akewo akaimbiridwa amangoti mvula ikatha. Mvula yake itha mu Epulo. Ndichite chiyani?

aNachisale: Pepani mayi. Ndiyambe ndi ana. M'chipindamo akugonabe?

Mai a Tadala: Akugonabe, nanga kwina kuti? Tadala wayamba kutsokomola usiku, pachifuwa pakumalira.

aNachisale: Asamukire pabalaza kuyambira lero, ngakhale pamphasa. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino, ndipo ana otere timawaona chaka chilichonse nyengo ino. Nkhungu ya pakhoma imatulutsa tifumbi tosaoneka, mwana akamapuma usiku wonse chifuwa sichitha, ndipo ngati ali ndi mphumu imadzuka. Kulira kwa pachifuwako musakudikirire, mupite naye kuchipatala, ku centro de saúde, mawa akamumvetsere. Khoma lidikira, mwana ayi.

aPhiri Pedreiro: Ndafika. Mayi, ndiyankheni mafunso atatu ndisananene kanthu. Kunyowako kwayambira kumwamba kapena pansi? Njerwa zake adamangira simenti kapena dothi? Pakhomapo pali soketi ya magetsi?

Mai a Tadala: Kumwamba bambo, pansi m'pouma. Njerwa ndi zootcha koma zomangira dothi, pulasitala yekha ndiye wa simenti. Soketi ilipo, ndi imene timatchajira foni.

aPhiri Pedreiro: Soketiyo muisiye lero lomwe, ndipo ngati muli ndi wodziwa zamagetsi aidule kaye pa bokosi. Khoma lonyowa limadutsa moto wa magetsi, mwana akhoza kungoligwira n'kumenyedwa.

Tsopano za khoma. Chinyezi chimabwera m'njira zitatu, ndipo anthu amazisakaniza n'kuwononga ndalama. China chimakwera kuchokera pansi ngati sadaike pulasitiki wakuda pamaziko. Chimenecho sichikwera kwambiri, chimathera cha m'chiuno mwa munthu, n'kusiya mzere woyera wa mchere. China ndi thukuta la malata: kuno ku Angónia mu Juni ndi Julaye kukazizira, m'mamawa malata amadontha mkati mvula kulibe, makamaka m'nyumba yopanda siling'i imene anthu agona atatseka mawindo onse. Chachitatu ndi chanucho, madzi olowa pamutu pa khoma n'kumatsika. Mukafuna umboni, matani kapepala ka pulasitiki pakhomapo, mutseke mbali zonse ndi tepi, musiye masiku awiri. Madzi akakhala kunja kwa pepala ndi mpweya wa m'chipinda. Akakhala kuseri kwake, akuchokera m'khoma.

Chondidetsa nkhawa ndi dothilo. Njerwa yootcha ikanyowa siisungunuka, koma dothi la pakati limafewa n'kumatsika pang'onopang'ono. Pulasitala amabisa zonse, inu n'kumaona ngati vuto ndi penti. Gogodani ndi chala chopinda. Pamene pakumveka ngati mulibe kanthu mkati, pulasitala wasiyana kale ndi njerwa. Ndipo pamutu pa khoma limenelo mpamene pagona mitengo ya denga lonse, lanu ndi lawo. Mtengo ukanyowa miyezi itatu chiswe chimaupeza.

Bambo a Yamikani: Ine sindiona chovuta apa. Gulani malata awiri, mupeze kalipentala, akwere akhome, risiti mutumize ku Moatize. Akakana kulipira mupite ku polisi. Munthu akudya lendi mwezi ndi mwezi koma msomali umodzi osagula?

aJere: Ayi achimwene, pamenepo mayiwa ataya mlandu umene akanapambana. Kukwera padenga la munthu popanda chilolezo, lata limodzi likabooka, nkhani yonse itembenuka. Adzati inu ndi amene mwawononga. Ndipo kupolisiko, ku esquadra, adzangokubwezani, iyi si nkhani ya upandu.

Bambo a Yamikani: Ndiye adikire khoma ligwere ana?

aJere: Sindinatero. Ndikuti njira ilipo, ndipo lamulo lili kumbali yawo. Ndilemba bwino ndikafika kunyumba, ndili mu chapa, minibasi.

Agogo aNgozo: Mwana wanga, eni nyumbayo udayankhula nawo wekha, kapena ukungomva za aphunzitsi?

Mai a Tadala: Ndekha ayi agogo. Bambo a kunyumba adawaimbira kamodzi, adangokangana. Iwo akuti kalipentala wathu ndi amene adasokoneza malata awo pamene tinkasintha athu.

Agogo aNgozo: Ndiye pali mawu amene adatsala pakhosi. Munthu ameneyo sakukana denga, akukana kuuzidwa. Mumtumire munthu wamkulu amene amamumvera. Kwawo ndi kuti? Alibe malume ake kapena alongo ake ku Ulongweko? Kutchalitchi amapemphera kuti? Ife kale nkhani ya malire kapena ya madzi a padenga sinkayambira kwa anyakwawa, inkayambira pamphasa ndi anthu awiri atatu. Mudzakhala khoma limodzi zaka zambiri. Maliro akagwa kwanu, woyamba kumva kulira ndi wa kuseri kwa khomalo.

aNabanda: Ndiyankhuleko ngati wochita lendi, chifukwa ndimakhala m'nyumba ya eni kuno ku Furancungo. Musawaone aphunzitsiwo ngati mbali ina. Iwowo akuvutika kuposa inu, madzi akuwagwera pabedi, koma akuopa kuti akalimbikira auzidwa kuti tulukani, ndipo nyumba pafupi ndi sukulu sizipezeka msanga. Mukapita limodzi, mawu awo amalemera ndipo iwo sakhala okha. Chimene chimathandiza nthawi zambiri n'chakuti wa lendi agule zipangizo, ndalamayo ichotsedwe pa lendi ya miyezi ikubwerayi. Mwini nyumba satulutsa kanthu m'thumba tsiku limenelo, ndiye savuta kuvomera. Koma zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pomwe, ndi iye ayankhe kuti ndavomera. Za pakamwa zimasintha mwezi ukatha.

aJere: Ndafika. Ndinena zimene zili m'buku la malamulo a nkhani za pakati pa anthu, Código Civil yathu, ija ya 1966 imene ikugwirabe ntchito muno m'Mozambique.

Artigo (ndime) 1375 imati khoma logawana likafuna kukonzedwa kapena kumangidwanso, eni ake onse awiri amasonkha molingana ndi gawo la aliyense. Ndiye bambo a ku Moatize sanganene kuti khomalo ndi vuto lanu nokha. Ndi lawonso. Ndipo ngati lawonongeka chifukwa cha kulekerera kwawo, pali artigo 483, imene imati wowononga cha mnzake mwadala kapena mosasamala ayenera kubweza.

Artigo 1349 ndi imene Bambo a Yamikani angaikonde. Imati ngati kuti ukonze nyumba yako palibe njira ina koma kudzera kapena kuimika makwerero pamalo a mnzako, mnzakoyo ayenera kulola, ndipo iwe ukawononga kanthu umalipira. Koma kumeneko ndi kupempha njira yokonzera chako. Sikukupatsa mphamvu yokasula malata ake iye asakudziwa.

Kayendedwe kake ndi aka. Jambulani zithunzi ndi kanema mvula ili mkati, mbali zonse ziwiri za khoma, madeti azioneka. Lembani kalata yaifupi yaulemu, mutchule vuto ndi tsiku limene mukupempha kuti akhale atakonza. Kope lina mupereke kwa chefe wa quarteirão, mkulu woyang'anira nyumba za m'chigawo chanu. Zikakanika, kwa asekeretariyo a bairro, oyang'anira dera lonse, ndipo kuchoka apo ku tribunal comunitário, makhoti aja adakhazikitsidwa ndi Lei 4/92, amene ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa anthu. Khoti la distrito ndi lomalizira. Amene alibe ndalama ya loya amapita ku IPAJ, amathandiza anthu osauka pa milandu.

Mai a Tadala: Zikomo aJere. Koma kalata siwakwiyitsa? Anthu kuno ukawalembera kalata amati wayamba nkhondo.

aJere: Muyambe ndi njira ya agogo. Kalatayo ikhale m'thumba, zithunzi zokha muyambe lero. Mvula ikatha khoma liuma kunja, ndipo umboni upita nayo.

aMbewe: Ndiloleni ndiwaikire kumbuyo pang'ono eni nyumba, poti nanenso ndili ndi kanyumba ka lendi ku Matundo. Munthu wokhala ku Moatize kapena ku Tete kuno saidziwa mvula ya ku Angónia. Kuno imagwa tsiku limodzi, mawa dzuwa laphulika, pofika masana zonse gwaa. Kumapiri kwanuko imatha sabata ikungowaza, khoma osapeza mpata wouma. Iye akamva kuti denga likudontha akuganiza za kadontho ka m'beseni. Mutumizireni kanema aone yekha. Chachiwiri, Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa, ana akulowa sukulu, feteleza wachiwiri akufunika. Mwina si mwano, mwina alibe. Mukamupatsa njira yolipira pang'onopang'ono mudzaona kuti afewa.

Bambo a Yamikani: Alibe bwanji pamene lendi ikulowa?

aMbewe: Lendi ya nyumba yotere siigula malata khumi, achimwene. Koma sindikuti asakonze. Akonze ndithu.

aZulu: Pepani ndilowetse yanga poti ikufanana. Kuno ku Zobwe aneba amanga kitchini mogundana ndi mpanda, malata ake atulukira kwathu, madzi onse akuthira pakhoma la bafa. Imeneyi ndi nkhani yomweyi?

aJere: Yanuyo ili ndi artigo yakeyake, 1365. Womanga ayenera kumanga moti madzi a m'mphepete mwa denga asagwere kwa mnzake, ndipo ngati palibe njira ina yowatchingira asiye mpata wosachepera theka la mita. Ndiye aike caleira, ngalande ya m'mphepete mwa denga, yotengera madziwo kwawo, kapena adule malatawo. Koma musachedwe zaka, chifukwa chinthu chikakhalitsa osadandaula mnzanu amadzapeza ponenera.

aPhiri Pedreiro: aZulu, caleira yake ikhale yopendekera bwino ndipo paipi itsike mpaka pansi, apo ayi mwangosamutsa vuto kuchoka pakhoma kupita pamaziko. Madzi saiwala khwawa. Pansipo mukumbe kangalande kowatulutsa pabwalo. Amene adaona namondwe wotchedwa Ana mu Januwale 2022, mlatho wa Revubwe utaduka, akudziwa kuti madzi akasowa njira amadzipangira okha.

aNachisale: Mai a Tadala, ndaiwala kufunsa. Chimanga mumasunga kuti?

Mai a Tadala: M'chipinda momwemo, matumba atsamira khoma lomwelo. Awiri akunja kwake ada.

aNachisale: Achotseni msanga, muwasanjike pamatabwa kapena panjerwa, kutali ndi khoma. Amene anyowawo mukhuthule, muyanike, musankhe. Chimene chachita chuku mutaye ndithu. Poizoni wa chuku, aflatoxina, satha ndi kuphika, amawononga chiwindi pang'onopang'ono ndipo ana ndiwo amapwetekeka kwambiri. Musapatsenso nkhuku kapena nkhumba, ngakhale kuphikira mowa. Mtedza ndiye umagwidwa msanga kuposa chimanga.

Potsuka nkhungu pakhoma, thirani javel, mankhwala oyeretsera zovala aja, pang'ono m'madzi ambiri, mutsekule mawindo, muvale kansalu kumphuno ndi mapulasitiki m'manja, ana akhale kunja. Javel musamusakanize ndi mankhwala ena alionse otsukira, mpweya wake ndi woopsa. Ndipo musapale nkhungu youma ndi burashi, mumangoimwaza m'nyumba monse.

Agogo aNgozo: Chimanga cha chuku ife tinkangochikonola n'kuchiviika, n'kudya.

aNachisale: Ndikudziwa agogo, ndipo kukonola ndi kuviika kumachepetsako ndithu. Koma chimene chaoneka kale kuti chada kapena chabiriwira, chimenecho ayi. Njala ya mwezi uno ndikuidziwa, sindikunena mopepuka.

Lachisanu

Mai a Tadala: Ndabweranso. Tadala adamupima, ampatsa mankhwala opopera, akugona pabalaza ndipo usiku wapitawu sanatsokomole kwambiri. Pepala la aPhiri lija lidanyowa kuseri. Alongo awo a eni nyumba tidawapeza, amagulitsa mbatata ya kachewere pamsika, ndipo adabwera okha kudzaona. Atalowa kwa aphunzitsi n'kuona mabeseni anayi pansi ndi matiresi ataimikidwa, adangogwira pakamwa. Adawaimbira achimwene awo pomwepo pa kanema. Bambowo akuti abwera Loweruka, koma akuumirirabe kuti kalipentala wathu ndiye adayambitsa. Ndiwayankhe bwanji?

aPhiri Pedreiro: Musawayankhe ndi pakamwa. Loweruka akwere okha pamakwerero, limodzi ndi mmisiri amene nonse mwagwirizana, osati amene adakhoma anu uja. Mmisiriyo ayang'ane izi. Polumikizana malata atsopano ndi akale, lina likwere pa linzake mzere umodzi ndi theka, ndipo m'litali apitirirane masentimita 15 kapena 20. Misomali ikhale pamsana pa mzere, osati m'khwawa moyenda madzi. Ayang'ane ngati timphira ta misomali tidatha ndi dzuwa, ndi ngati cumeeira, lata lophimba pamsonga lija, silidatukuke ndi mphepo. Kenako wina alowe m'nyumba masana, atseke chitseko, ayang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakuoneka kuwala ndi bowo. Dzimbiri silinama. Ngati lata labooka ndi dzimbiri, si kalipentala wa chaka chatha.

Koma ndinene chilungamo, mayi. Mukapeza kuti polumikizira padafupika, gawo limenelo mulivomere. Mukavomera chaching'ono iwo savutika kuvomera chachikulu.

Pokwera aponde pamzere wa misomali, pamene pansi pali mtengo, ndipo asakwere malata ali onyowa.

aNabanda: Nanga ife a denga la lusalite, malata a simenti aja? Langa lili ndi mng'alu.

aPhiri Pedreiro: Lusalite wakale musamupondepo n'komwe, amathyoka osachenjeza, anthu agwa nawo. Ndipo wakaleyo ali ndi amianto (asibesitosi), fumbi lake limawononga mapapo, ndiye osamudula ndi makina kapena kumupala ali wouma. Mng'alu waung'ono umatsekeka ndi tepi ya phula, mutayala thabwa lopondapo. Waukulu n'kusintha basi, ndipo imeneyo ndi ntchito ya eni nyumba.

Bambo a Yamikani: Chabwino, ndamva zonse. Koma Loweruka pakhale chefe wa quarteirão. Munthu akalonjeza pamaso pa alongo ake okha, mawa adzati sindidatero.

aJere: Apo ndikugwirizana nanu kwathunthu.

Agogo aNgozo: Akhalepo, koma mumuitane ngati mboni, osati ngati woweruza. Ndipo mlendoyo wachoka kutali, adye kaye nsima nkhani isanayambe.

Lamlungu

Mai a Tadala: Abale, zatheka. Adabwera, adakwera okha. Malata atatu a mbali yawo abooka ndi dzimbiri m'mabowo a misomali, limodzi ukhoza kupisa chala. Cumeeira idatukuka mbali imodzi. Mmisiri atasasula lata adapeza mtengo wogona pakhoma wafewa, chiswe chayamba kale. Polumikizira pathu padalibe vuto, koma sitidanenepo kanthu, adaona okha. Tagwirizana motere pamaso pa chefe: aphunzitsi agula malata ndi misomali, zichotsedwa pa lendi ya miyezi iwiri. Mtengo ndi simenti yotsekera pamutu pa khoma tigawana pakati. Pulasitala ndi penti wa mbali yathu bambowo adati sangathe, ndipo bambo a kunyumba adati tisakokerane, tidzaona tokha. Talemba, tonse tasaina. Ntchito iyamba Lachitatu kukacha bwino. Padakali pano ayala lona pamwamba, atsendereza ndi njerwa.

Bambo a Yamikani: Pulasitalayo anayenera kulipira iwo. Lamulo aJere adatiwerengera lija likutero.

aJere: Likutero, ndipo akadafuna akadalimbikira. Koma kukatenga ndalama ya matumba awiri a simenti kukhoti kungadye nthawi ndi mayendedwe oposa simentiyo. Asankha okha, ndipo pepala ali nalo.

aMbewe: Njerwa pa lona muzichotse ntchito ikangotha. Mphepo ya mvula ikazikankha zimagwera anthu pakhonde.

Mai a Tadala: Tamva. Funso lomaliza kwa aPhiri. Denga likakonzedwa Lachitatu, ndingapake penti Loweruka? Chipindacho chikuoneka moipa ndipo apongozi akubwera pa Pasaka.

aPhiri Pedreiro: Ayi mayi, apongozi apeze khoma lamawangamawanga, palibe kanthu. Khoma limauma pang'onopang'ono. Ife timawerengera mwezi umodzi pa masentimita awiri ndi theka a kunenepa kwa khoma, ndipo lanulo lamwa madzi kuyambira Disembala. Chimene mungachite tsopano ndi kugumula pulasitala yense amene akumveka wopanda kanthu mkati, njerwa zikhale poyera zipume. Pamene dothi la pakati latsika, mmisiri akolowole pang'ono n'kutsekamo simenti, koma pang'onopang'ono, osati mzere wonse tsiku limodzi. Kabati muisunthe italikirane ndi khoma, mawindo azikhala otsekula usana wonse. Mbaula yamakala musaiike m'chipinda chotseka kuti muumitse, utsi wake umapha anthu ali m'tulo.

Pulasitala watsopano mudzaike cha mu Ogasiti kapena Seputembala, mutayesanso ndi kapepala kaja n'kupeza kuseri kouma. Pomaliza mupake njereza kapena penti wa madzi. Wa mafuta amatsekera chinyezi mkati, chaka chamawa adzafufumanso. Aphunzitsi muwauze achite chimodzimodzi mbali yawo, chifukwa khoma likamauma mbali imodzi yokha limachedwa.

aZulu: aPhiri, ku Zobwe mumafika? Aneba avomera za caleira koma wodziwa kuika bwino tilibe.

aPhiri Pedreiro: Sabata ino ndili ndi ntchito ku Domwe. Yezani kutalika kwa dengalo ndi chingwe, mujambule pamene madzi akugwera, munditumizire kumbali. Ndikuuzani zogula, ndipo ndikapeza mpata Lolemba linalo ndibwera.